Boti la mbawa la a Mesitiri

Chaka chakwana chitisiyireni agogo anga, a Zakariya, amene kugombe kuno kwa nyanja ya Chiuta, mbali ya Mozambique, wamng'ono ndi wamkulu ankangowatcha a Mesitiri. Banja litakhala pansi kukambirana zoti wina alembe mbiri yawo, maso onse anatera pa ine, poti ndine ndinapondako ku koleji ku Lichinga. Zoti ndinabwerako maphunziro ali pakati palibe anazitchula, ndipo ndikuthokoza. Amene ankazitchula ndi malemuwo. Kukabwera alendo ankandiloza ndi chibwano n'kuwauza kuti uyu ndi mpando wa thabwa labwino, kungoti mmisiri wake anaitanidwa kumaliro asanakhome mwendo womaliza.

A Mesitiri anali kalipentala, ndipo ukalipentalawo unawalowa ngati matenda. Akafika pakhomo pa munthu, moni ankayamba wapereka kwa chitseko. Ankachitsegula, kuchitseka, kuchitsegulanso khutu lili tcheru, mwininyumba ataima poteropo dzanja lili m'malere. Kutchalitchi ankasisita kunsi kwa benchi nthawi ya ulaliki, ndipo akapeza msomali wopindika nkhope yawo inkagwa moti a katekisita ankaganiza kuti mawu awalasa mtima. Chiphunzitso chawo chachikulu chinali chakuti mpata pakati pa matabwa awiri ndi nyumba ya nsikidzi, ndiponso ndi manda a dzina la mmisiri. Ankayenda ndi lezala m'thumba la malaya. Akamaliza tebulo ankayesa kulowetsa lezalalo polumikizira matabwa. Likangolowa, ngakhale nsonga yokha, tebulolo linkaphwasulidwa mwini wake akuyang'ana, ngakhale atabwera kale ndi njinga yodzanyamulira.

Atakalamba anapuma ntchito. Analengeza pamaso pa banja lonse, n'kupereka sowo, puleni ndi chisakasa chogwiriramo ntchito kwa mwana wawo, amalume anga a Luka. Kenaka anatenga chipewa ndi mbedza n'kusowa. Kuyambira pamenepo, kuwapeza pakhomo dzuwa lili m'mwamba kunali kwamwayi. Ankadziwa pamene atsekwe amaikira mazira m'bango, mtengo umene muli njuchi, una wa mbewa umene eni ake alimo ndi umene mwalowa njoka. M'thumba lina, losakhala la lezala, munkakhala mchere ndi tsabola, poti munthu sadziwa chimene akumane nacho panjira. Ankabwera madzulo ndi uchi m'chitini, diso limodzi litatsekeka ndi kutupa, akulumbira kuti njuchi za m'dera lino zimawadziwa, ndipo imene yawalumayo ndi yachilendo, yochokera ku Malawi.

Adzukulu ankatikonda mwa njira yawoyawo. Switi sankagula, ankati zimafooketsa mano odyera nzimbe. M'malo mwake ankatimanga nsalu kumaso, n'kutinunkhiza tizidutswa ta matabwa kuti titchule mtengo wake. Wolephera ankanyamula mbewa pobwerera kuthengo. Ine mbewa ndazinyamula kwambiri pa moyo wanga.

Mnzawo wa kunyanja anali Che Bwanali, Myao wosema mabwato, wamfupi, wa kandevu koyera. Ndati mnzawo chifukwa mawu ena ndawasowa. Anthu awiriwa anayamba kukangana ine ndisanabadwe ndipo sanapumepo. A Mesitiri ankati bwato ndi mtondo umene unakula mopanda mwambo, ndipo kutenga mtengo wathunthu n'kuutaya zam'kati zonse ndi ntchito ya chiswe. Che Bwanali ankayankha kuti munthu wopanga makabati asamatsegule pakamwa ali pamadzi. Zonsezi zinkanenedwa ali m'bwato la Che Bwanali lomwelo, akuvuula miono limodzi. Mwezi wa Ramadani agogo sankadya kanthu m'bwatomo polemekeza mnzawo, koma ankafotokoza mwatsatanetsatane mlamba wootcha umene akadadya, mafuta ake, ndi mmene ukadatsikira kukhosi.

A Mesitiri anadwala masiku ochepa, nyengo yozizira, chifuwa chitawagwira pobwera kokawedza, n'kutisiya. Bokosi anakhoma ndi amalume a Luka, akuyesa mobwerezabwereza polumikizira matabwa paliponse. Anthu atasonkhana, Che Bwanali anadzuka pamene anakhala ndi Asilamu anzawo, anafika pabokosipo, natulutsa lezala. Analiyendetsa m'mbali monse, kwaya itasiya nyimbo pakati. Silinalowe.

"Angathe kugona," anatero Che Bwanali.

Amalume anayamba kulira pamenepo.

Koma mbiri ya a Mesitiri siingathe popanda boti, ndipo nkhani ya boti imayambira pa agogo aakazi, a Rozina.

Nthawi ya nkhondo banja lathu linathawira ku Malawi podutsa panyanja. Bwato limene anakwera a Rozina linadzaza mopitirira, linagudubuzika pakati pa bango, ndipo iwo anaima m'matope madzi ali m'khosi, atanyamula Luka wakhanda pamwamba pa mutu, mpaka thandizo linafika. Ataponda kumtunda analumbira kuti sadzalowanso m'chipika chobowola. Mtendere utabwera anzawo anabwerera kuno kudzera pamadzi, koma iwo anazungulira wapansi kudzera pamalire a Entre Lagos, katundu ali pamutu. Mng'ono wawo, a Felesiya, anakwatiwa tsidya lomwelo ndipo anatsala. Zaka zonse zotsatira, amene ankawoloka kudzaona mnzake anali a Felesiya.

Ndiye chaka chimene ine ndinabwerako ku Lichinga kudzapumitsa ubongo, asodzi anafika ndi uthenga woti a Felesiya afa ziwalo mbali imodzi, sakudzuka, ndipo akungotchula dzina la mkulu wawo. Inali nyengo ya mvula. Msewu wa ku Entre Lagos unali phala, ndipo chiuno cha a Rozina sichinkalolanso njinga, yakapalasa kapena yamoto. Tsidyalo kukacha bwino limaoneka ndi maso. A Rozina ankakhala pakhonde kuyang'ana komweko, chakudya chikuzizira m'mbale, koma ukangotchula bwato ankalowa m'nyumba.

"Mayi a Luka," anatero a Mesitiri tsiku lina, "inu munalumbira za chipika. Nanga chinthu chosakhala chipika?"

"Chinthu chanji?"

"Chamatabwa. Chophwatalala kunsi, chosagudubuzika."

"Inu bambo a Luka, musandiseweretse, mtima wanga uli kutali. Mukapanga chinthu choti ndikhale ngati ndili pabalaza panga, pampando wotsamira, mapazi osanyowa, ndikwera."

Ananena akudziwa kuti chinthu chotero kulibe. Anaiwala munthu amene anakwatiwa naye.

M'mawa mwake munthu wopuma ntchito uja analanda chisakasa. Amalume a Luka anatsitsidwa udindo kukhala wogwirira thabwa. Kudenga kunatsitsidwa matabwa a mbawa amene anakhala akuuma kumeneko chibwerereni kuchokera ku Malawi, matabwa amene sitinkaloledwa ngakhale kuwayang'anitsitsa, ouma moti ukawagogoda ankalira ngati ng'oma. Mudzi wonse unasokonezeka. Amayi opita kumunda ankadzera kuchisakasa, makasu ali paphewa, n'kuiwala kumunda. A Mesitiri ankaimba nyimbo za kwaya mokweza, utuchi uli mbuu m'nsidze, akuthamanga kuchoka pabenchi kupita pamoto wa guluu ngati mnyamata woti mawa akukwatira. Sindinawaonepo atasangalala choncho. Boti anali asanapangepo chibadwire, koma ankati munthu amene anapangapo kabati ya zitseko zotsetsereka sangaope chinthu chopanda chitseko.

Che Bwanali anabwera, anazungulira, anagogoda apa ndi apo.

"Mesitiri, kabati imeneyi ipita pamadzi?"

"Ili ndi boti, Che Bwanali. Simungalizindikire poti silinasemedwe ndi chiswe."

"Mwathinitsa kwambiri. Thabwa louma likalowa m'madzi limamwa, likamwa limafufuma. Lisiyireni pofufumira. Siyani mpata, mutsekemo thonje ndi phula."

Kutchula mpata pamalo amenewo kunali ngati kuimba mluzu pamaliro. A Mesitiri anapisa m'thumba, napatsa mnzawo lezala.

"Lowetsani."

Che Bwanali anayesa kutsogolo, anayesa kumbuyo. Silinalowe.

"Nanga pamene lezala lakanika, madzi alowera pati?"

"Madzi sapempha khomo," anatero Che Bwanali, nanyamuka.

Boti linatha. Ndikunena pamaso pa Mulungu, panyanja ya Chiuta sipanayandamepo chinthu chokongola chotero. Lofiira, lopakidwa vanishi, munthu n'kudzionerapo nkhope. Pakati pake panali mpando wotsamira wa mikono, kumbali kabowo koimikapo ambulera, kunsi kwa mpando kadilowa koikamo fodya wonunkhiza wa agogo aakazi. Anyamata analinyamula paphewa mpaka padooko, amayi akuimba nthungululu, agalu akuuwa osadziwa chifukwa. Litakhudza madzi linangoti phee ngati bakha. A Mesitiri analowamo, anadumphadumpha, anavina, kenaka anayamba kuitana anthu onenepa a m'mudzi muno powatchula maina, ndipo palibe anakwiya. Dontho silinalowe. Che Bwanali anayang'ana ali patali, akusisita kandevu.

A Rozina anatsetsereka pomalizira, ndi ndodo. Anagwira mkono wa mpando, anatsegula kadilowa, anakatseka. Atafika kunyumba anatsegula sutikesi n'kuyamba kusankha kapulana, chitenje cha kwathu kuno, yoti avale.

Kenaka kunabwera mphepo, ndipo kwa masiku angapo panyanja sipanapiteke. Boti linali chimangire padooko, likumwa mwakachetechete.

Tsiku limene mphepo inagwa tinatsetsereka tonse, a Rozina ali patsogolo, atatchena ngati akupita kuukwati. A Mesitiri analowa m'boti kuti ayale mkeka. Atangoponda pakati tinamva thwaa! ngati mfuti. Amene anaona nkhondo anadziponya pansi chafufumimba, kuphatikizapo a katekisita. Kenaka thwaa! kachiwiri. Matabwa a pansi, posowa kofufumira, anali atakankhana mpaka kutukuka ngati msana wa mvuu, ndipo phazi la agogo linangomalizitsa. Misomali inathawa, thabwa lina linang'ambika kuyambira kumutu mpaka kumchira. Botilo linakhala pansi pang'onopang'ono, mwaulemu, monga mlendo wopatsidwa mphasa. Padooko ndi posaya, choncho pamwamba pa madzi panatsala mpando, ndi a Mesitiri ataima pambali pake, madzi ali m'chiuno, mkeka uli m'manja.

Anthu anaseka, sindinama. Ena anaseka ali chigonere pansi pomwepo. Koma kuseka kunatha msanga, chifukwa msodzi wina amene anangofika kuchokera tsidya anayandikira a Rozina n'kuwauza motsitsa mawu kuti a Felesiya asiya kumeza phala.

A Rozina anayang'ana amuna awo. Tinayembekeza chitonzo, poti pa luso limeneli analibe wofanana nawo. Anangoti, "Zikomo bambo a Luka, mwayesetsa," n'kutembenuka kubwerera kumudzi.

A Mesitiri anaima m'madzimo nthawi ndithu. Kenaka anatuluka, thalauza likuchucha, anayenda m'mbali mwa gombe mpaka pamene Che Bwanali ankasoka ukonde. Anavula chipewa.

"Che Bwanali."

"Mesitiri."

"Mpata uja. Ngwaukulu bwanji?"

Che Bwanali akadatha kuwadya amoyo pamenepo, ndipo mudzi ukadawakhululukira. Anangosolola mpeni wawo wotumbulira nsomba, nauonetsa chakumsana kwake.

"Chonchi."

Agogo anatseka maso ngati munthu amene wauzidwa kuti amudula mwendo.

Zimene zinachitika pambuyo pake sindinazionenso kwina. Boti linavuulidwa ndi manja a aliyense, a kumzikiti ndi a kutchalitchi, akufuula nyimbo yokokera ukonde. Matabwa otsala kudenga anatsitsidwa. Matiresi a amalume a Luka anatumbulidwa kuti papezeke thonje, eni ake asanafunsidwe. Phula linasungunulidwa mumphika wa mayi wina amene mpaka lero akuufunafuna. A Mesitiri ankakhoma thabwa lililonse mpeni wa Che Bwanali uli pakati, nkhope atatembenuzira kumbali kuti asaone zimene manja awo akuchita, ndipo Che Bwanali ankatsatira pambuyo, akukanikizamo thonje n'kumata phula. Ankatukwanana osapuma, koma manja sankaphonyana. Vanishi yense anakwiririka. Boti lokongola lija linasanduka chinthu chakuda bii, chonunkha, chonga chiwaya chokazingira chimanga.

Litabwerera m'madzi mawa lake, timadzi tinayamba kulowa pang'onopang'ono. Che Bwanali anati ndi mmene zimakhalira, matabwa akamwa atseka okha. A Mesitiri anakhoma kampando koikapo mapazi. Chinatsala ndi kukatenga munthu amene anaona ndi maso ake boti lomwelo likuphulika.

A Rozina anabwera, koma anaima patali ndi madzi, manja onse ali pandodo.

"Likulowa madzi," anatero.

"Alamu, musaope," anayankha Che Bwanali. "Ine ndikwera nanu. Chibadwire sindinamirepo, ndipo sindingayambire pa kabati."

A Rozina sanaseke. Anayandikira, anawerama, nayendetsa chala pamzere wa phula pakati pa matabwa. Anadzuka n'kuyang'ana a Mesitiri.

"Apa mwasiya mpata?"

"Ndasiya."

"Inuyo?"

"Ineyo."

"Ndi manja anu?"

"Ndi manja anga, mayi a Luka."

A Rozina anawayang'ana ngati akuwaona koyamba. Kenaka anapereka ndodo kwa amalume.

"Ndigwireni dzanja."

Gombe lonse linaphulika. Nthungululu, malikhweru, wina akumenya chigubu. Che Bwanali anaima kumbuyo ndi nsungwi yokankhira, a Mesitiri kutsogolo ndi nkhafi, ine pakati ndi chitini chokapira madzi, ntchito yoyamba imene maphunziro anga anagwira. Asodzi anasiya maukonde n'kutiperekeza ndi mabwato awo mbali zonse, akuimba. Agogo aakazi anakhala pampando wawo, ambulera ili pamutu, mapazi ali pakampando, maso atatseka kuti gwa, akuitana oyera mtima ndi kunyoza amuna awo mosinthanasinthana. Chitonzo chitabwerera, a Mesitiri anayamba kupalasa ngati mwana.

Titalowa m'bango lalitali lija, mmene bwato linawagudubuzira nthawi ya nkhondo, a Rozina anakanirira mikono ya mpando ndi manja onse. Nyimbo nazonso zinatsika. Apo a Mesitiri anayamba kuwaitanira mbalame, imodziimodzi, ngati akuitana dzina la mlendo pakhomo.

"Mayi a Luka, tsekwe uyo. Mayi a Luka, nkhwazi iyo yagwira chambo, yakulandani ndiwo. Vuwo uyo, taonani mlomo, ndendende a katekisita."

Pa a katekisita agogo aakazi anatsegula diso limodzi. Kenaka linalo. Bango linali litatha, ndipo patsogolo pathu pankaoneka madenga, utsi, ndi mayi wina akuanika matemba.

"Kodi ndi pafupi chonchi?" anafunsa.

A Felesiya tinawapeza ali pamphasa, atatha ngati ndodo, pakamwa patapotoka. Mkulu wawo anagwada pambali pawo, chiuno chija chitaiwalika. A Felesiya anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anavutika ndi lilime, ndipo mawu amene anatuluka anali akuti, "Mwanenepa."

"Iwe wauma," anayankha a Rozina. "Yasamula."

Anawamwetsa phala ndi dzanja lawo, ndipo linatsika. A Felesiya sanamwalire. Alipo mpaka lero, akuyenda ndi ndodo, ndipo amati anachira pofuna kuona ndi maso awo ngati mkulu wawo abwerere pamadzi.

A Mesitiri sanavomerepo kuti analakwitsa. Kwa amene ankafunsa, ankafotokoza kuti boti loyamba lija linali kuyesa chabe, kufuna kudziwa mphamvu ya madzi a Chiuta, ndipo anakhutira kuti ndi amphamvu. Koma zaka zawo zotsala anathera kuwolotsa akazi awo, mwezi ukangooneka, ndipo a Rozina anafika pomalamula njira ali pampando, akuloza ndi ambulera.

Sabata yatha, mwambo wokumbukira chaka utatha, agogo aakazi anamanga katundu n'kunena kuti akakhala ndi mng'ono wawo. Ana a Che Bwanali anawawolotsa. Boti linatsala tsidya lomwelo, poti eni mpando salola kuti wina akhalepo.

Lero m'mawa ndinatsetsereka padooko. Chikhomo chomangirapo chidakalipo, chosalala pamene chingwe chinkakhula. Pamadzi padakali malo oyera, aatali ngati botilo, ndipo akakombo ayamba kale kuwalowerera kuchokera m'mbali. Ndili pomwepo anadutsa Che Bwanali, okha, akupita ku miono. Bwato lawo masiku ano limayenda mutu uli m'mwamba, chifukwa kutsogolo kulibe wokhalako, ndipo mphepo ikawomba limawazunguza. Ana awo anawauza kuti aziikako mwala. Anakana. Akuti mwala suyankha.